Njinga yamoto ya alangizi itadya mchenga wa ku Chilwa ndi matope a paphiri: mmene ilili panopa

Nditangoigula njinga yamotoyi, chilimwe chapitachi, aliyense wondifunsa ndinkamuyankha zinthu ziwiri: ndi yolimba, koma pa tala ndi yochedwa. Panopa yaliona dzuwa la Okutobala, yapyola dzinja lonse, ndipo kuno ku Zomba tayambanso kuvala majuzi. Zinthu ziwiri zija zikadali zoona, kungoti sizikukwananso. Zimene mchenga, fumbi ndi matope amchere zimachita pa njinga sizioneka tsiku lobwerako ku ulendo. Zimatulukira pang'onopang'ono, china mwezi uno, china mwezi wamawa, ndipo wofuna kugula njinga yotereyi kuti azikagona nayo kuthengo ayenera kumva za miyezi imeneyo kuposa za sabata yoyamba.

Njinga yake ndi ya mtundu uja timauona ndi alangizi a zaulimi komanso ogwira ntchito m'mabungwe kumidzi. Injini ndi ya 200cc, ya silinda imodzi, yongoziziritsidwa ndi mphepo. Ili ndi magiya 5, tcheni yake ndi yotsekeredwa m'bokosi, kaliyala ili kumbuyo ndi kutsogolo komwe, sitandi mbali zonse ziwiri, ndipo mabuleki ndi a dramu. Anaipangira alimi a m'mafamu akuluakulu a ku Australia ndi New Zealand, anthu oyenda pang'onopang'ono pambuyo pa nkhosa ndi ng'ombe. Ine ndinaigula yoti inagwirapo kale ntchito.

Chipululu chenicheni, cha milu ya mchenga monga cha Namib ku Namibia, kuno kulibe. Koma amene anafikako kudambo la nyanja ya Chilwa mvula isanagwe akudziwa kuti kumeneko ndiye kufupi nacho. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo madzi a Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe akalowamo alibe mtsinje wotulukira. Amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake amamveka kamchere. Inaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018, pamene anthu ankafika pa chilumba cha Chisi wapansi. Ngakhale chaka chimene siinaphwe, m'chilimwe madzi amabwerera m'mbuyo n'kusiya bwalo lalikulu la dothi long'aluka, lopanda mthunzi, akavuluvulu akungozungulira. Kumpoto kwake kuli mtunda wamchenga umene umalekanitsa Chilwa ndi Chiuta, kumene kumadutsa njanji yopita ku Nayuchi. Ulendo wathu unayambira mbali ya ku Kachulu, kenako tinazungulira kudzera ku Liwonde ndi Nsanama kukaufuna mchengawo. Njinga zinali patsogolo, alamu anga akutsatira ndi pikapu ya 4x4 itanyamula madzi, matenti ndi zakudya.

Mumchenga ndi momwe ndinaidziwira bwino njingayi. Tayala lakutsogolo limangofuna kusochera, ndipo ukachita mantha n'kudula mafuta, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala limakumba, iwe uli pansi. Chofunika ndi kuimirira pa zopondera, kubweza thupi kumbuyo, kugwira handulo mosaumitsa manja, maso kutali, mafuta osawadula. Giya yoyamba ya njingayi ndi yotsika kwambiri. Pokwera phiri ndi dalitso, koma mumchenga imangozunguza tayala pamalo amodzi mpaka njinga kukhala pansi ndi mimba. Yachiwiri ndi yachitatu ndizo zimayenda. Kaliyala yakutsogolo, imene ndimaikonda kwambiri m'misewu ina, kumeneko iyenera kukhala yopanda kanthu, chifukwa ngakhale kachigubu ka malita 5 kamalemetsa handulo moti mapewa amatopa msanga.

Za mpweya wa m'matayala ndifotokoze bwino, poti ambiri amangomva zoti mumchenga umauphwetsa. Ndi zoona: tayala lofewa limatambasuka n'kuyandama pamwamba. Pa pikapu tinatsitsa kufika cha pa 1.2 bar ndipo inasiya kulira movutika. Koma njinga ya machubu ili ndi malire ake. Mpweya ukachepa kwambiri, tayala limaterereka pa rimu n'kukoka chubu mpaka valavu kuthothoka, ndipo chubu chothothoka valavu sichimatika. Ine sinditsika pansi pa 1 bar, ndipo ndimayang'ana valavu: ikayamba kupendekeka, ndiye kuti tayala layamba kuyenda. Pampu yamanja ndi geji zisasowe m'chikwama, chifukwa ukangotuluka mumchenga n'kulowa pamiyala uyenera kupopanso.

Dothi la m'mphepete mwa nyanja lili ndi msampha wina. Lili ngati phala lozizira: pamwamba pagwira, pansi pakadali pofewa. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde anatiimitsa n'kunena kuti, "Ana anga, njingazi zidutsa, koma galimotoyo musafike nayo poyera paja. Pauma pamwamba pokha." Alamu anamvera, koma potembenuza galimoto matayala akumbuyo anaboola ndithu, n'kutitimira mpaka m'ma akiselo. Ndinawauza kuti, "Alamu, musapondenso mafuta, mungoikwirira." Inatuluka ndi fosholo, jeke yoikidwa pathabwa, mitolo ya njedza pansi pa matayala, ndi mapewa a asodzi amene anasiya ntchito zawo kudzatikankha. Njinga inadutsa pamalo omwewo osasiya ndi dzenje lomwe. Pamenepa ndi pamene kupepuka kumaposa mphamvu ya injini, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kumalo ngati amenewo galimoto iyenera kutsala pamtunda, pa msasa, zoyendayenda zizichitika ndi njinga.

Tsopano za miyezi yotsatira. Choyamba kuonekera chinali eyakilina, sefa ya mpweya wolowa mu injini. Ya njingayi ndi ya siponji, ndipo siponji imagwira fumbi pokhapokha ili ndi oyilo. Titabwerako inali itasanduka chibuma. Kasamalidwe kake n'kosavuta: kuichapa m'palafini, kuisiya iume, kuithira oyilo, kuifinya osaipotokola, kenako kupaka kagirisi m'mphepete momwe imakhalira kuti fumbi lisazembere m'mbali. Makaniko wina anangoipemerera ndi kompuresa n'kuibwezera youma, akuti yayera. Ndinaitulutsanso pomwepo. Fumbi likapyola pamenepo limapala silinda ndi maring'i, ndipo zotsatira zake zimabwera mochedwa: injini imayamba kudya oyilo, kenako utsi wabuluu. Yanga mpaka pano siinayambe kudya oyilo, ndipo ndikukhulupirira kuti chaipulumutsa ndi kasiponji kameneka pamodzi ndi kusintha oyilo msanga. Injini yoziziritsidwa ndi mphepo ikamalira kwambiri koma ikuyenda pang'onopang'ono mumchenga imatentha zedi, oyilo n'kuda mwachangu. Pobwera kumalo otero sindidikira kuti makilomita akwane.

Chachiwiri chinali dzimbiri. Matope a ku Chilwa ali ndi mchere, ndipo pamene anabisala osachapidwa, m'munsi mwa masipoko ndi kunsi kwa ekizozi, panayamba kufiira mvula itangoyamba. Masipoko ena akumbuyo anakhwefuka. Powayesa ndimawagogoda ndi sipanala limodzilimodzi: lolimba limalira mokweza, lokhwefuka limangoti phu. Cha mu Febuluwale tayala lakumbuyo linayamba kugwedera, ndipo titatsegula tinapeza ma bearing ali ndi mchenga wosakanikirana ndi girisi. Tinasintha. Apa ndichenjeze okonda kuchapitsa njinga ndi mpope wamphamvu uja wa pa car wash: umakankhira madzi ndi mchenga mkati mwa ma bearing. Ndowa, burashi ndi sopo n'zokwanira. Pikapu ya alamu nayo inali ndi zake. Matope anaumira mkati mwa marimu, chiwongolero n'kumanjenjemera pa tala mpaka atavula matayala onse n'kuwapala.

Chimene chandisangalatsa koposa ndi tcheni. Anzanga a njinga za tcheni yapoyera anasintha kale tcheni ndi masipuroketi, poti mchenga ukamatirira pa oyilo umapala chitsulo usiku ndi usana. Yanga ndangoikunga pang'ono, mano a sipuroketi akadali bwino. Bokosilo n'losaoneka bwino, ndipo ena amalichotsa kuti njinga izioneka yachinyamata, koma ine sindingalichotse. Chofunika n'kumasuzumira pa kabowo kake, makamaka ukawoloka madzi akuya, chifukwa matope akalowa amakhalitsa momwemo.

Dzinja ndinalithera paphiri la Zomba, ndipo kumeneko njingayi ili kwawo. Misewu yopita ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View, malo amene anatchulidwa pokumbukira kubwera kwa Haile Selassie mu 1965, imakumbika ndi malole onyamula matabwa, ndipo dothi lofiira likanyowa pamodzi ndi masamba a paini limaterera koopsa. Giya yotsika ija imakwera pang'onopang'ono osazima, mpando ndi waufupi moti mapazi amafika pansi, ndipo sitandi ya mbali zonse imathandiza poima pamalo opendekeka. Matayala amene ndinaipeza nawo ankadzaza matope n'kusalala, choncho ndinagula a mano akuluakulu. Paphiri anasintha zinthu kwambiri, koma pa tala amalira ndiponso akutha msanga; lakumbuyo silifika chilimwe chikubwerachi. Mabuleki a dramu ndiwo mbali yofooka. Mchenga unawadya, ndipo akanyowa amachedwa kugwira. Potsika kuchokera ku Ku Chawe kupita m'tauni ndimadalira giya kuposa buleki, ndipo ndikawoloka kamtsinje ndimayenda kamtunda nditawaponda pang'ono kuti aume.

Pa M3 palibe chasintha. Ikafika cha pa makilomita 80 pa ola injini imakhala ikupempha chifundo, minibasi zikukupitirira mokupanikiza kumphepete. Ulendo wa ku Blantyre umatheka, koma sindiulakalaka. Nyali yakenso ndi yofooka, choncho dzuwa likamapendeka ndimafuna ndikhale nditafika.

Mafuta imamwa mwaulemu. M'misewu yafumbi lita imodzi imandiyendetsa makilomita pafupifupi 30, koma mumchenga wakuya amatsika ndithu, ndipo powerengera ulendo ndi bwino kuchotserapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Thanki ndi ya malita pafupifupi 10. Kumidzi yakutali petulo amapezeka wa m'mabotolo, ndipo nthawi zina amakhala ndi zinyalala kapena madzi. Ndinaika kafyuluta kakang'ono pa paipi yopita ku kabuleta, ndipo pothira ndimasefa ndi kansalu koyera. Chiikireni, kabuleta sinatsekekenso.

Katundu wa pa msasa naye wayesedwa. Tenti siinang'ambike, koma zipi yake inafa ndi mchenga. Ya tenti yatsopano ndimaipukuta ndi burashi n'kuipaka kandulo. Zikhomo zazitsulo zija mumchenga sizigwira, ndipo mphepo ya kudambo imabwera mwamphamvu usiku. Chimene chimagwira ndi kudzaza mchenga m'matumba, kumangirira zingwe n'kuwakwirira. Madzi akumwa tinkawerengera malita 5 pa munthu patsiku, ophikira padera, ndipo sanatsale. A m'nyanjamo si akumwa kapena kusamba, chifukwa kuderali kolera ndi likodzo si nkhani zachilendo. Udzudzu ndi wochuluka ngakhale kouma, choncho neti isatsale. Kuphika tinkaphikira pa kambaula ka gasi. Udzu wa mu Okutobala sufuna kuseweretsa moto, ndipo nkhuni kumeneko n'zosowa kwa eni ake omwe.

Pali chinthu china chimene ndimachiganizira kwambiri panopa kuposa pamene ndinkagula njingayi. Ku Namib, m'zigwa za timiyala, mkukuluzi wa matayala a galimoto imodzi umatha kuonekabe patapita zaka makumi angapo, n'chifukwa chake kumeneko amaletsa kupatuka pa msewu. Chilwa nayo si bwalo lopanda mwini. Mu 1996 inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa mgwirizano wa mayiko woteteza madambo wotchedwa Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi zimene zimaswana m'njedza ndi m'maudzu ake. Pamene mlendo akuona poyera, mwini mudzi akuona munda wa mpunga wodikira mvula, podyetsera ng'ombe, kapena poyanika matemba. Tisanakhome tenti tinkayamba taonekera kwa amfumu, ndipo iwo ankatipatsa mnyamata wotilozera poyenera kudutsa. Njingayi ili ndi ubwino wina pamenepa: siisokosa. Ng'ombe sizibalalika, ndipo munthu ungathe kuima n'kupereka moni osazimitsa injini. Anzanga ena anaboola ekizozi kuti izilira kwambiri. Pa maulendo a kumidzi sindiyenda nawo.

Kwa amene akufuna liwiro ndi kudumpha mabampu, njinga iyi si yawo. Mashoko ake ndi ofewa ndipo ikalemedwa amagunda pansi. Kwa amene akufuna kumanga tenti, mphika ndi chigubu pa kaliyala n'kukafika kumene msewu wathera, ine ndingaigulenso. Zambiri zimene zimagulitsidwa kuno zinagwira kale ntchito zaka zambiri kumidzi, choncho pogula musakhutire ndi penti kapena makilomita a pa mita. Igwedezeni matayala m'mbali kuti mumve ma bearing, gogodani masipoko, ilizeni injini ili yozizira muone mtundu wa utsi. Kenako pemphani kuti atsegule bokosi la eyakilina, mulowetse chala m'paipi yopita ku kabuleta. Chala chikatuluka ndi fumbi, kafunseni kaye mtengo wa pisitoni ndi maring'i musanayambe kunenerera.