SU kapena Weber pa MGB: Iti Yosavuta Kuchuna?

MGB, galimoto ya ku Britain yomwe inayamba kupangidwa mu 1962, kawirikawiri inkatuluka kufakitale ndi makabureta (zipangizo zosakaniza petulo ndi mpweya wopita mu injini) awiri a mtundu wa SU. Eni ena amawachotsa n'kuikapo kabureta imodzi ya mtundu wa Weber 45 DCOE. Kusiyana kwake kumaonekera pochuna mlingo wa petulo ndi mpweya.

SU ndi yachifundo kwa makaniko wa pakhomo. Mkati mwake muli pisitoni ndi singano imodzi yolowa mu jeti (kabowo kotulukira petulo), ndipo pa SU ya mtundu wa HS4 mlingo umasinthidwa ndi nati ya pansi. Ukaitsitsa petulo amachuluka, ukaikweza amachepa. Poyesa, injini itatentha, umakweza pisitoni pang'ono kwambiri, osapitirira milimita imodzi. Injini ikathamanga n'kupitirizabe, petulo wachuluka. Ikafuna kuzima, wachepa. Ikakwera pang'ono n'kubwerera, wakhoza. Chovuta n'chakuti makabureta a SU ndi awiri, ayenera kukoka mpweya mofanana, komanso mafuta a mu dampa (kachipangizo koletsa pisitoni kukwera mofulumira) akauma galimoto imatsamwa ukaponda moto.

Weber ilibe njira yachidule yotere. Masikuluwu ake amangokonza mlingo injini ikulira galimoto itaima. Zina zonse n'kumasula ndi kusintha majeti: wamkulu, wa mpweya, ndi timachubu tosakanizira. Popanda makina oyezera utsi, umangogula majeti mwachimbulimbuli, ndalama n'kumapita.

Pa mpikisano, ndi injini yokonzedwa bwino, Weber imayankha msanga ndipo kulira kwake n'kokoma. Koma pa MGB ya injini wamba ya 1798cc yoyendera mumsewu, ine ndingasiye ma SU, n'kungosintha singano ngati yadyeka.