Inki yothira nokha mu printa: yakuda yandikhutiritsa, yamitundu ndi ina nkhani

Printa yanga ndi Canon PIXMA MG2540S, yogwiritsa makatiriji (timabokosi ta inki) awiri: PG-445 ya inki yakuda ndi CL-446 yamitundu. Ndimasindikizira mayeso a ana, makalata a kumpingo ndi mafomu. PG-445 yaing'ono imabwera ndi inki yokwana mamililita 8 okha, ndipo kampani yake imati imafika masamba pafupifupi 180. Nthawi ya mayeso, masamba amenewo sachedwa kutha, ndipo kugula makatiriji onse awiri atsopano mtengo wake umayandikira wa printa imene. Ndiye ndinagula paketi ya inki yothira ndekha m'shopu ina ya zolembera ku Limbe.

M'paketimo munali mabotolo anayi a mamililita 100, masirinji anayi ndi singano zake, kachitsulo koboolera ndi magolovesi. Magolovesiwo ndi opyapyala, anang'ambika tsiku loyamba. Kapepala ka malangizo n'kosathandiza, zithunzi zake ndi za katiriji ya mtundu wina.

Yakuda siivuta. Mumamatula stika ya pamwamba pa katiriji, n'kukulitsa kabowo kali pansi pake, kenako kulowetsa singano mpaka mutamva kuti yalowa mu siponji imene imasunga inki m'katimo. Thirani pang'onopang'ono mamililita 4 kapena 5, osati kudzaza mpaka pakamwa, chifukwa siponji ikakhuta kwambiri inki imadontha pansi n'kudetsa mapepala. Mukatha, gunditsani kunsi kwa katiriji pa tishu yonyowa. Pakatuluka mzere wakuda wosadukiza, zatheka. Kabowo musakatseke kotheratu, mpweya umafunika kulowa kuti inki itsike. Timadontho tamkuwa takumbuyo musatigwire ndi zala za inki, printa ingakane katirijiyo.

Chachikulu, chimene wogulitsa sananene n'komwe, ndi nthawi yothirira. Makatiriji amenewa ali ndi mutu wosindikizira pansi pawo pomwepo, ndipo mutuwo umalavula inki poitenthetsa. Inki yomweyo ndi imene imauziziritsa. Mukapitiriza kusindikiza itauma, umapsa ngati poto wopanda madzi pambaula, ndipo ukapsa palibe inki ingaudzutse. Choncho zilembo zikangoyamba kutuwa kapena kudukaduka, imani, thirani. Anthu ambiri amene amati kuthira inki sikugwira ntchito amakhala atatenga katiriji imene yakhala mu drowa miyezi yambiri itauma gwa.

Mukabwezera katiriji, printa imaumirirabe kuti inki yatha. Siyeza zimene zili m'kati, imangowerengera kuchuluka kwa zimene yasindikiza. Dinani batani la Stop osalisiya kwa masekondi oposa asanu, iyamba kugwira ntchito. Dziwani kuti kuyambira pamenepo siidzakuchenjezaninso, mlonda ndinu nokha.

Zilembo zimatuluka zooneka bwino, mwana wa sitandade 4 amawerenga mosavutika. Komabe kusiyana kulipo. Inki yakuda ya mu PG-445 yeniyeni ndi ya pigment, imene imakakamira pamwamba pa pepala. Ya m'paketi yanga ndi ya dye, yosungunuka m'madzi: siida bii ngati inzake, ndipo dontho limodzi la mvula limasambaza zilembo. Pa mayeso ndi zolengeza za Lamlungu palibe vuto. Kalata yofunsira ntchito kapena chikalata chosunga zaka sindingasindikize nayo. Pogula funsani ngati yakudayo ndi pigment, ndipo mitundu iwiriyi musaisakanize mu katiriji imodzi.

Yamitundu ndi imene yandichepetsera chimwemwe. CL-446 ili ndi zipinda zitatu m'kati, cha buluu, cha yofiirira ndi cha yachikasu, ndipo chilichonse n'chaching'ono kwambiri. Musanathire, pisani kamtengo kotokosera m'mano m'bowo lililonse kuti muone mtundu wake, ndipo mtundu uliwonse ukhale ndi sirinji yake. Mamililita awiri pa chipinda akwana. Mukapyola, mitundu imakumana kunsi kwa mutu, yachikasu n'kusanduka yobiriwira. Ngakhale zitayenda bwino, nkhope za anthu pazithunzi zimatuluka zofiirirapo, ndipo chithunzi chimene ndinamata pakhoma loyang'ana zenera chinafwifwa msanga. Mamapu ndi mitu ya nkhani, eya, zimenezo imakwanitsa.

Katiriji siithiridwa mpaka kalekale. Siponji imatopa, timabowo ta mutu timatsekeka, mizere yoyera n'kuyamba kuoneka ngakhale mutatsuka. Ikafika pamenepo gulani yatsopano, muyambirenso. Chimene chimatalikitsa moyo wake ndi kusindikiza tsamba limodzi sabata iliyonse, makamaka kukatentha mu Okutobala pamene inki imauma msanga. Kutsuka mutu ndi pulogalamu ya pa kompyuta kumadya inki yambiri, musazolowere. Kuika kunsi kwa katiriji pa tishu ya madzi ofunda kwa mphindi zingapo nthawi zambiri kumakwanira. Ngati printa ikadali pa waranti, funsani kaye kumene munaigula musanaboole chilichonse.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi ku yakuda, ziwiri ku yamitundu. Botolo limodzi la yakuda limadzaza katiriji maulendo pafupifupi 20, moti katiriji ndi imene imayamba kutha botolo likadalipo. Koma inu a bizinesi yosindikizira anthu pa trading centre, amene mumatulutsa masamba mazana pa sabata, sirinji ikutopetsani. Sungani ndalama mugule printa ya thanki monga Epson EcoTank L3210 kapena Canon PIXMA ya G, imene inki mumathira kuchokera m'botolo mwachindunji.