Thanki ya mbuna ndi zomera: zimene ndaona patatha miyezi 11

Mu Febuluwale ndinakhazikitsa thanki ya galasi ya malita 200 yowetera mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala ya nyanja ya Malawi, pabalaza kunyumba kwanga kuno ku Mangochi, ndipo panthawiyo ndinatamanda kwambiri chosefera madzi cha mtundu wa canister chimene ndinaitanitsa ku Johannesburg. Tsopano thankiyo yadutsa m'nyengo ya mwera komanso m'kutentha kwa Okutobala, ndipo ndiyenera kubweza ena mwa mawu anga, chifukwa chipangizo chodulacho chili m'katoni, pamene kasiponji kosefera madzi kamene ndinagula ngati kongothandizira ndi kamene kakusunga nsomba zanga.

Ntchito yaikulu ya chosefera si kukola zinyalala zooneka ndi maso, koma kusunga mabakiteriya amene amasandutsa amoniya, poizoni wochokera m'ndowe za nsomba, kukhala nitrite, kenako nitrate, amene zomera zimayamwa ngati feteleza. Mabakiteriyawa amafuna mpweya wa okosijeni nthawi zonse. Canister ndi chidebe chotsekedwa chimene chimakhala kunsi kwa thanki, choncho magetsi akazima madzi amaima m'katimo ndipo mpweya umatha m'maola ochepa. Tsiku lina mu Okutobala magetsi anazima m'mamawa n'kudzayaka usiku, ndipo pampu italira inathira m'thanki madzi onunkha ngati dzira lovunda. Kutacha ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba, zikungoyasamula kukamwa, madzi ali pa madigiri 31. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa kusiyana ndi ozizira, motero mavuto awiriwo atakumana ndinataya nsomba 3 mwa 12. Sindinganene kuti chipangizocho n'choipa, pakuti kwa miyezi 7 chinkayeretsa madzi mbee, koma anachipangira nyumba imene magetsi sazima tsiku lathunthu.

Panopa ndili ndi masiponji awiri m'ngodya za thanki, ndipo amayenda ndi pampu ya mpweya yokhala ndi batire m'kati, imene imapitiriza yokha magetsi akazima. Pakatha milungu iwiri ndimafinya siponji imodzi m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, osati a pampopi, chifukwa klorini amapha mabakiteriya aja. Zovuta zake zilipo. Masiponji sakongola, pampu imang'ung'udza usiku moti ndinachita kuiika pa kansalu kopinda, ndiponso ndowe zimatsalira pamchenga mpaka nditazikoka ndi payipi posintha madzi. Ndimasintha gawo limodzi mwa magawo anayi Loweruka lililonse, ndipo madzi akalewo amapita ku mpiru wa kuseri kwa nyumba.

Pa nkhani ya zomera, nsomba ndi zimene zinandisankhira. Aliyense amene anayang'anapo m'madzi a pamiyala ya chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear amadziwa kuti mbuna zimakhalira kupala ndere tsiku lonse, ndipo khalidwe limeneli sizilisiya zikalowa m'galasi. Zanga ndi zachikasu zija, Labidochromis caeruleus, zimene kwawo ndi chakumpoto cha ku Nkhata Bay ndipo n'zofatsa poyerekeza ndi mbuna zina, komabe zomera zonse za masamba ofewa zinatha mwezi woyamba, zina zitadyedwa, zina zitazulidwa. Zatsala mitundu itatu. Vallisneria, udzu wa masamba aatali ngati lamba umene umamera m'nyanja yathu momwemu m'malo osaya a mchenga, wafalikira kumbuyo konse kwa thanki, koma unagwira pokhapokha nditatchinga mizu yake ndi miyala yosalala kuti nsomba zisafukule. Anubias ndi Java fern ali ndi masamba olimba amene mbuna zimangolawa n'kusiya. Poyamba ndinakwirira tsinde la Anubias mumchenga ngati ndikubzala chinangwa, ndipo linavunda. Lotsalalo ndinalimangirira pamwala ndi ulusi wakuda, ndipo patapita miyezi iwiri mizu inali itagwira mwalawo yokha.

Botolo la shuga ndi yisiti lopangira mpweya wa CO2, wothandiza zomera kukula, ndinalichotsa msanga. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo mbuna zimafuna madzi otero, pamene CO2 amaitsitsa. Kuwonjezera apo thovu la masiponji limauthamangitsa mpweyawo usanafike pa masamba. Ndinangowononga shuga wa tiyi.

Nyale ya LED yagwira ntchito popanda vuto, ngakhale kuti maola 10 amene ndinayamba nawo anabweretsa ndere zochuluka pa masamba a Anubias, amene amakula pang'onopang'ono. Nditatsitsa kufika maola 7 n'kusunthira Anubias pamthunzi wa Vallisneria, masamba atsopano akutuluka oyera. Ndere za pamiyala ndimazisiya dala kuti nsomba zizipala. Kawotchi kozimitsira nyale kamatsalira m'mbuyo magetsi akazima, moti kangapo ndapeza thanki ikuwala pakati pa usiku. Chotenthetsera madzi chinagwira ntchito mu Juni ndi Julayi mokha, pamene madzi ankatsika kufika madigiri 21 m'bandakucha, ndipo miyezi yotentha chothandiza chinali fani yaing'ono yopemerera pamwamba pa madzi, imene inkatsitsa madigiri awiri koma inkaumitsa madzi ambiri.

Zomera zimene ndadulira ndimaziyanika padzuwa n'kuziwotcha, chifukwa mtsinje wa Shire uli pafupi, ndipo namasupuni amene watsamwitsa malo ambiri a mtsinjewu anachokera ku South America ngati chomera chokongoletsera. Sabata ino nsomba imodzi yaikazi yasiya kudya, khosi lake latupa, ndipo ikubisala m'kati mwa Vallisneria: yafungatira mazira m'kamwa, ndipo idzalavula ana pakatha pafupifupi milungu itatu. Ndaunjika timiyala ting'onoting'ono pangodya ya kumanzere kuti anawo akapeze pobisala.