Matailosi kapena simenti yopaka polishi m'nyumba za ku Mangochi

Kuno ku Mangochi, posankha zoika pansi m'nyumba, kumbukirani kutentha kwa mu Okutobala ndi mchenga umene timalowa nawo kumapazi.

Matailosi amazizira bwino ndipo kungokolopa kamodzi ayera. Koma ambiri amalakwitsa pogula. Amatengeka ndi onyezimira aja, osaganiza kuti mwana akalowa ndi mapazi onyowa kuchokera kunyanja aterereka, nanji agogo. Mchenga nawonso umawakanda mpaka kuwala kuja kutha. Sankhani okhakhala pang'ono, makamaka kubafa ndi pakhonde. Yezani chipinda musanapite kusitolo, ndipo gulani ochulukirapo, chifukwa ena amasweka podula ndipo mtundu womwewo mwina simudzaupezanso.

Simenti yopaka polishi wofiira ndi yotsika mtengo, nayonso imazizira. Imang'aluka ngati mmisiri wachulutsa mchenga kapena sanaithirire madzi masiku oyamba, komanso imafuna polishi pafupipafupi.

Ngati ndalama zili zochepa, ine ndingayambe ndi simenti. Koma chipinda chimene mukufuna kudzaikamo matailosi m'tsogolo musachipake polishi kapena kuchisalaza kwambiri, chifukwa simenti yomatira sigwira bwino pamalo oterera.