Miyezi 14 ndikudalira matchaja apamsewu

Komwe ndimakhala kulibe poti n'kuikapo tchaja yangayanga, ndiye chigulireni galimoto yamagetsi ndakhala ndikutchaja pa matchaja a aliyense. Yatha miyezi 14 tsopano, ndipo chisangalalo cha masabata oyambirira chija chinazizira mokwanira kuti ndinene zimene ndaona.

Galimotoyo payokha sinandikhumudwitse. Batire yake ndi ya 64 kWh (muyezo wa magetsi amene imasunga), ndipo pa tchaja yothamanga ya DC imachoka pa 10% kufika pa 80% m'mphindi pafupifupi 45. Ikadutsa pamenepo imayamba ulesi, chifukwa imachepetsa dala magetsi olowa pofuna kuteteza batire, choncho ndinasiya zodikira 100%. Poyamba ndinkati akundibera: tchaja yalembedwa kuti mphamvu yake ndi 150 kW koma ikungopereka 70. Ayi ndithu, malirewo ali m'galimoto. Pa tchaja ya AC (magetsi onga a m'nyumba) ya 22 kW galimoto yanga imangolandira 7 basi, poti kachipangizo kosandutsa AC kukhala DC, magetsi amene batire imasunga, kali m'galimoto momwemo ndipo mphamvu zake zimathera pamenepo. M'mawa kukazizira liwiro limatsikanso mpaka batire itafunda. Zonsezi si kuwonongeka.

Mavuto ambiri amabwera m'mphindi yoyamba. Mukalowetsa pulagi, galimoto ndi tchaja zimayamba zamvana kaye, kachitsulo n'kukhoma pulagiyo, magetsi n'kumabwera pambuyo. Koma chingwe cha tchaja yothamanga, chotchedwa CCS, n'cholemera, chimakokera pulagi pansi moti kachitsulo kaja kamaphonya pabowo. Tsiku lina ndinayesa katatu, sikirini ikungoti zakanika. Bambo wina wachikulire amene ankatchaja pambali panga anangoti, "Achimwene, tainyamulani pang'ono pulagiyo, musaisiye mpaka mumve kulira." Ndinatero. Kunamveka kuti khe, manambala n'kuyamba kuyenda. Mpaka lero dzanja silichoka papulagi ndisanamve kaphokoso kameneko.

Nthawi zina wina amakhala atadina batani lofiira la patchaja loimitsira pangozi n'kulisiya lili lolowa. Kungolipotoza limatuluka, makina n'kudzuka. Zikakanika, ndimaimba nambala yolembedwa patchajapo n'kutchula nambala ya makinawo. Eni tchajayo amatha kuwazimitsa ndi kuwayatsanso ali ku ofesi kwawo, ndipo kawirikawiri zimatheka, bola foni iyankhidwe.

Usiku umene sindidzaiwala ndi umene chingwe chinakanirira m'galimoto. Mvula ikugwa, ndalipira kale, koma pulagi osatuluka. Kukoka ndi mphamvu n'kungofuna kuthyola loko. Ndinakhoma zitseko, kutsegula, kukhomanso poganiza kuti pulagi imasuka, koma zii. Ndinachita kutulutsa kabuku ka galimoto ndikuunika ndi foni, n'kupeza kuti pali kachingwe kotsegulira pamanja kobisika kuseri kwa potchajira. Malo ake amasiyana galimoto ndi galimoto, ndiye kafufuzeni lero dzuwa likuwala.

Zimene zimandipsetsabe mtima ndi zimene sindingazikonze ndi manja anga. Pulogalamu ya pafoni imanena kuti tchaja ili bwino, munthu n'kuyenda mtunda batire ikutsika, kukapeza sikirini yakuda bii. Pali malo amene netiweki ndi yofooka moti pulogalamuyo siitseguka n'komwe. Khadi ya RFID, yogunditsa patchaja kuti iyambe popanda foni, ndi imene yandipulumutsa kangapo, ndipo siichokanso m'galimoto. Ndiye pali nkhani ya ndalama. Mukagunditsa khadi ya kubanki amagwira kaye ndalama zina ngati chikole, ndipo ulendo wina ndinagunditsa kanayi pa makina okana, zikole zinayi n'kukhala masiku angapo zisanabwerere. Zinabwerera zonse, inde, koma sabata imeneyo ndinaimva.

Kodi ndingagulenso galimoto yamagetsi ndilibe tchaja pakhomo? Eya, koma ndasintha kayendedwe. Sindilola batire kutsika pansi pa 20% ndisanafike potchajira, ndimalambalala malo a tchaja imodzi n'kupita pamene pali zinayi kapena kuposa, ndipo ndimawerenga zimene anzanga alemba dzulo ndi lero m'malo mokhulupirira kadontho kobiriwira ka pamapu. Tchaja yakufa ndimainena nthawi yomweyo. Ina ndinainena masabata atatu apitawo, ndinatumiza ndi chithunzi chomwe cha pulagi yosweka. Dzulo ndadutsapo: pulagi ikadali pansi m'matope, pafoni kadontho kakadali kobiriwira.