Mukachoka osatsanzika, amakutsekerani chitseko ndani: libvirt, Proxmox kapena ESXi?

Pa ofesi ina ya ku Kamwala, mu Lusaka, ndimathandizako kuyang'anira seva yonyamula ma VM 6, makompyuta ongoyerekezera oyendera mkati mwa seva imodziyo. Sevayo ili pa mabatire, koma ine ndimailowa ndili kwathu ku Chilenje, pa intaneti ya pafoni. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita nthawi yaitali ndipo netiweki nayo inkangoduka. Ikaduka, laputopu ilibe mpata wotsanzika. Seva imangoti mukadalipo, n'kumakusungirani mpando. Linux payokha imadikira masekondi 7200, maola 2 athunthu, isanafunse ngati muli moyo, ndipo imafunsa pokhapokha pulogalamu itaipempha kutero. Ndiye funso langa kwa libvirt, Proxmox ndi ESXi, mapulogalamu atatu oyendetsera ma VM, ndi limodzi: session yamasiyeyi, mpando wosungidwa uja, amaichotsa bwanji?

Ndiyambe ndi libvirt, yomwe virsh ndi virt-manager, zida zolamulira ma VM, amadutsiramo. Iyi imafunsa ndithu. Mukakhala chete masekondi 5, imatumiza kauthenga koti "muliko?" Mauthenga 5 akapita osayankhidwa, imadula, ndiye kuti pakatha masekondi pafupifupi 30 mpando wanu wachotsedwa. Koma mukamayankha, ngakhale mutakhala tsiku lonse osagwira kiyibodi, sikukhudzani. Ndicho chimene ndimaikondera: imasiyanitsa munthu wochoka ndi munthu wongokhala phee. Manambalawa ali mu fayilo ya ma setting, libvirtd.conf kapena virtqemud.conf, pa keepalive_interval ndi keepalive_count. Ine ndinawakweza pang'ono, chifukwa netiweki ya pafoni nthawi zina imangoima kwa theka la mphindi n'kubwerera, ndipo ndinkadulidwa ndili wamoyo.

Pali msampha umodzi womwe unandidyera sabata. Mafunsowa amapita kwa pulogalamu yokhayo imene yanena kuti imatha kuyankha. Ka script kanu ka Python, ngati simunakayikire event loop (mbali yomvetsera ndi kuyankha mauthenga obwera), sikafunsidwa n'komwe, choncho kakafera panjira session yake imangotsala. Pamenepo mpofunika dzanja: virt-admin client-list ikuonetsani onse olumikizidwa, virt-admin client-disconnect ichotsa amene mwaloza. Chimodzimodzi virsh console, khomo lolowera mkati mwa VM. Ikakuuzani kuti pali kale wina pa console, kawirikawiri winayo ndi inu nomwe adzulo. Onjezani --force mulowe.

Proxmox inasankha njira ina, yosasunga mpando n'komwe. Mukalowa pa port 8006 imakupatsani tikiti ya maola 2, ndipo browser ikakhala yotsegula imaitenganso yatsopano yokha. Mukazimiririka, tikitiyo imangotha mphamvu, palibe choti munthu asese. Ntchito zazikulu monga backup zimayendera pa seva penipeni, motero netiweki yanu ikaduka izo zimapitirira. Kwa ife a malaiti osadalirika, limeneli ndi dalitso lalikulu, ndipo apa ndikuvomera kuti Proxmox yapambana. Komanso ikafuna kulankhula ndi QEMU, pulogalamu imene imayendetsa VM yeniyeniyo, imatsegula socket ya QMP, kakhomo koperekera malamulo kwa QEMU, kunena mawu ake, n'kutseka. N'zanzeru, popeza socket yotereyi imalandira mlendo mmodzi yekha pa nthawi.

Chomwe Proxmox sichotsa yokha ndi loko. Seva yeniyeniyo ikazima backup ili mkati, monga zinatichitikira mabatire atatha usiku wina, VM imadzuka ili yokhomedwa ndipo imakana kuyaka. Mankhwala ake ndi qm unlock kutsatira nambala ya VM, koma muyambe mwaona kuti backup ija yafadi. Vuto lina la tikiti n'lakuti sidziwa yemwe waigwira. Mukasiya browser yotsegula pa kompyuta ya wina ku Cairo Road n'kupita kukadya nsima, Proxmox imangoti ndinu.

ESXi imawerenga wotchi basi. Tsamba lake loyendetsera seva limakutulutsani mukakhala masekondi 900 osachita kanthu, kaya mwafa kaya mukungowerenga. Pa chitetezo ili bwino kuposa ziwiri zija, koma kulowa kachisanu m'mawa umodzi kumatopetsa. Mbali ya shell ndi SSH, njira zolembera seva malamulo muli pafupi kapena patali, ili ndi ma setting akeake awiri, ndipo ambiri amawasokoneza: ESXiShellInteractiveTimeOut imatulutsa munthu wokhala chete, pomwe ESXiShellTimeOut imatseka khomo lenilenilo pakapita nthawi chilitsegulireni. Sindikhalitsapo, chifukwa chigulireni Broadcom kampani ya VMware, eni ake a ESXi, mu 2023, anzanga ambiri a maofesi ang'onoang'ono nkhani yawo ndi yosamuka.

Za VirtualBox, pulogalamu inanso ya ma VM, poti wina afunsa: ndi yabwino pa laputopu yophunzirira. Ikakakamira kuti makina ali kale ndi session, VBoxManage startvm ndi --type emergencystop nthawi zambiri imamasula.

Tsono kaya musankhe iti mwa libvirt ndi Proxmox, masiye ambiri amabadwira pa SSH, osati pa pulogalamu ya VM. Mu sshd_config, fayilo ya ma setting a SSH, ClientAliveInterval imabwera ili pa 0, kutanthauza kuti SSH payokha sifunsa aliyense. Ikani 30, ClientAliveCountMax muisiye pa 3 pomwe ili, ndipo wochoka osatsanzika achotsedwa pakatha masekondi ngati 90, pamodzi ndi virsh console kapena qm terminal ya Proxmox imene anasiya. Ntchito zazitali muziziyambira mkati mwa tmux, pulogalamu yosunga ntchito ikuyenda pa seva ngakhale munthu atadulidwa, kuti zisafe limodzi naye.

Ku Kamwala ndinatsala pa libvirt, chifukwa ndimagwira ndekha ndipo zambiri ndimachitira pa SSH. Mlongo wanga amayang'anira seva ya pasukulu ina ku Matero, komwe amalowamo anthu atatu pa browser ndipo palibe amene afuna kumva za mafayilo a conf. Iye ndinamuikira Proxmox, n'kumulembera qm unlock pa kapepala komata pambali pa sikirini.