Tinalipira gayidi wotiyendetsa ku Salzburg, ndikuuzeni mmene zinayendera

Ena mwakhala mukundifunsa za zithunzi zija ndinaika pa WhatsApp, eti kodi mayi mwafika kumwamba, ayi abale ndili ku Kasungu konkuno ndabwerera ku kagolosale kanga. Kuja kunali ku Salzburg m'dziko la Austria. Mwana wa achemwali anga amagwira ntchito ya unamwino ku Munich m'dziko la Germany, ndiye nditapita kukamuona Loweruka lina anati amayi aang'ono tiyeni tikwere sitima, ndi pafupifupi maola awiri basi, ndakubukirani kale gayidi pa intaneti. Ine ndinati iwe mwana ndalama zakuchulukira, kulipira munthu kuti atiyendetse wapansi ngati tilibe miyendo ndi maso?

Pano ndavomera kuti ndalama ija sinapite pachabe, koma madandaulo ndili nawo.

Gayidi wathu anali mayi wachikulire ndithu, tsitsi la imvi, atanyamula kaambulera kofiira kuti tisamutaye m'chigulu. Anatipatsa timahedifoni aliyense. Tisanayende n'komwe anatifunsa ngati tikudziwa tanthauzo la dzina la mzindawu, tonse ziii, ndiye anati Salz ndi mchere. Mchere ankakumba m'mapiri a kufupi ndi Hallein n'kumautsitsa pa mabwato mu mtsinje wa Salzach umene wadula mzindawu pakati, ndipo amene ankadya msonkho wake anali ma akibishopu, chifukwa kumeneko akibishopu anali mfumu yomwe, wa tchalitchi ndi yemweyo wa boma ndi yemweyo, mpaka 1803. Ndiye matchalitchi onse aja, mabwalo aja, akasupe a miyala aja, ndi mchere umenewo. Ine pomwepo maganizo anathawira ku Chinkhoma, mabelo a fodya amene takhala tikuona akudutsa pa malole chibadwire changa, ndiye ndikayang'ana tauni yathu fumbi lokhalokha. Ndinangoti kaya.

Zomangamanga zake amati baroque. Mmene anatifotokozera mayi uja, inali nthawi imene Akatolika ankalimbana ndi Apulotesitanti, ndiye ankamanga dala zoti munthu ukalowa ukhale kukamwa yasa. Palibe khoma losiyidwa lopanda kanthu, paliponse maluwa owumba ndi pulasitala, tiangelo tonenepa ngati ana oyamwa bwino, kudenga zithunzi zoti ukayang'ana khosi limachita kuwawa. Amisiri ankawatenga ku Italy. Tchalitchi chachikulu anachijambula Santino Solari ndipo anachidalitsa mu 1628, chakale chija chitapsa ndi moto mu 1598. Pa zipata zake analembapo zaka zitatu, 774, 1628 ndi 1959, ndiye yomalizayo ndi pamene anachitsegulanso chifukwa mu 1944 bomba la nkhondo linagwetsa denga lake lozungulira lija. Ndikanapita ndekha manambala amenewo ndikanangowadutsa ngati mitengo ya katundu.

Koma pamene mayi uja anandigula ndi pa nkhani ya Wolf Dietrich von Raitenau, akibishopu amene anayambitsa zonsezi. Bamboyu anagumula nyumba za anthu kuti apeze malo a mabwalo akuluakulu aja, ndiye kutsidya kwa mtsinje mu 1606 anamangira nyumba yachifumu mayi wina dzina lake Salome Alt, amene anabereka naye ana 15. Akibishopu, ana 15! Mzungu wina wa m'gulu lathu anachita kukhosomola, ine ndinangogwira pakamwa poti ndine wa Chigwirizano, nkhani za mpingo wa eni sindilowerera kkkk. Nyumbayo ndi imene pano amati Mirabell, ya maluwa okongola aja munaona pa chithunzi ndavala chitenje chobiriwira. Mathero ake bamboyu anafera m'ndende pamwamba pa phiri, m'linga la Hohensalzburg lomwe linayamba kumangidwa mu 1077 ndipo limaoneka paliponse pomwe waima, ngati mmene phiri la Kasungu limakutsatira ukamayenda m'tauni. Gayidi wathu sanabisenso zoti mu 1731 akibishopu wina, Firmian, analamula kuti Apulotesitanti achoke m'dziko lake, anthu pafupifupi 20,000 kusiya minda ndi nyumba. Ndinamukonda chifukwa cha zimenezo, sanali wongotamanda kwawo.

Tsopano zondinyansa. Gululo linali lalikulu mopitirira, titaima ndinawerenga mitu inapyola 30, pomwe pa intaneti mwana uja anati analemba kuti kagulu kochepa. Mu Getreidegasse, kamsewu kopanikiza kamene pakhomo la shopu iliyonse pali chikwangwani cha chitsulo chopindapinda, tinkangogundana ndi magulu ena ngati pa depoti mwezi ukatha. Nyumba imene anabadwira Mozart, katswiri wotchuka wopeka nyimbo, mu 1756 ili momwemo, nambala 9, yachikasu, ndipo tinaimapo mphindi zosakwana zitatu, ndikuti nditulutse foni kaambulera kofiira kali uko kakhota kale. Kahedifoni kanga kankangolira phokoso ndikatsalira pang'ono, ndiye ndi bondo langali komanso miyala yoyala pansi ija, theka la nkhani ya tchalitchi cha Kollegienkirche ndinaimva kwa mwana wanga titakhala pansi.

Chinanso, m'tchalitchi chachikulu sanatilowetse. Anatiimika panja n'kutiuza zamkati ngati wailesi, akuti kulowa sikuli mu mtengo umene tinalipira. Zimenezo akanalemba poyera. Gulu litabalalika tinabwerera tokha awiri n'kulowa, ndipo apa ndiye panali pokoma pa tsiku lonse. Mkati mozizirira, mowala, chifukwa kuwala kumatsika kuchokera m'mawindo a denga lozungulira lija, ndipo pa nsanamira zinayi za pansi pake pali ma ogani anayi, ina ili kumbuyo yaikulu. Chakumanzere ukangolowa kuli beseni la ubatizo lachitsulo lokhala pamsana pa mikango, m'mene anabatiziramo Mozart atangogona tsiku limodzi chibadwire. Ndinakhala pa benchi osayankhula, mwana uja mpaka anandigwedeza, amayi aang'ono mwagona? Ndinati ayi ndikuwerenga angelo, ndafika 40 ndasokoneza.

Ndiye amene muli ndi ana kunjako ndipo tsiku lina adzakuitanani, gayidi lipirani, koma funsitsani kuti gulu ndi la anthu angati komanso ngati mulowa mkati kapena mungoonera panja. Bukani wam'mawa anthu asanachuluke. Nsapato valani zafulati, ine ndinavala zanga za ku ukwati zija pofuna kutchena ndipo madzulo ndinakwera sitima zili m'manja. Tindalama tachitsulo musasiye, ku toileti amalipiritsa. Timaswiti ta chokoleti tozungulira tokhala ndi nkhope ya Mozart ndinabweretsa paketi imodzi yokha, ndipo adzukulu anamaliza tisanafike n'komwe pa Mponela.